Mukusamuka siteti ndipo mukufuna kukonveta ndalama za penshoni ku Roth? Werengani kaye musanadine batani

Funso ili landitopetsa abale anga, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense azidziwerengera. Amandiimbira usiku ndikuchokera ku shifti, amandikokera pambali ku tchalitchi tikudya, wina anandifunsa mpaka pa siwa ya maliro, akuti achimwene ndikusamukira ku Texas mwezi wamawa, ndalama zanga za 401(k) zija ndizikonvete panopa kapena ndidikire? Ine si loya, ndimangothandiza anthu athu kufaila misonkho kuno ku America kwa zaka ndithu, koma zomwe ndaona anthu akuluza pa nkhani imeneyi zandikwana.

Tiyambe ndi mawu, poti ena mumangomva anzanu akunena. Akaunti ya traditional, kaya ndi 401(k) ya kuntchito, 403(b) ya manesi ndi aphunzitsi, kapena traditional IRA, akaunti ya penshoni yomwe mumatsegula nokha osadzera kuntchito, ndi ija ndalama inalowa isanadulidwe msonkho, msonkho wake ukukudikirani tsiku lotapa. Roth ndi ija mumalipira msonkho lero, kenako ndalama imakula ndipo mukadzatapa mutakwanitsa malamulo ake simulipiranso kanthu. Conversion, kapena kukonveta monga timanenera, ndi kuchotsa ndalama ku traditional kuziika ku Roth, ndipo ndalama yonse mwakonvetayo imawerengedwa ngati malipiro a chaka chimenecho. Apa pali odula awiri. Boma la fedulo kudzera ku IRS, omwe ali ngati MRA kwathu, amadula chimodzimodzi kaya muli ku Maryland kaya ku Florida, amenewo simungawathawe ndi kusamuka. Wachiwiri ndi siteti yomwe mukukhala, ndipo nkhani yathu yonse ili pamenepo.

1. Gwirani kaye lamulo limodzi ili, zina zonse zikutsamira pa ilo.

Siteti yomwe imadula msonkho pa conversion ndi yomwe mukukhalamo mokhazikika pa tsiku lomwe ndalama yatuluka mu akaunti ya traditional. Osati komwe munagwirira ntchito, osati komwe munasungira ndalamazo. Anthu ambiri amaganiza kuti poti ndinagwira zaka 15 ku California ndiye California idzanditsatira kulikonse, ndipo kale zinalidi choncho, California inkatumiza mabilu kwa anthu opuma ntchito omwe anasamukira ku Nevada. Koma mu Januwale 1996 kunasainidwa lamulo la fedulo, Public Law 104-95, lomwe pano limapezeka pa 4 U.S.C. 114, loletsa siteti iliyonse kudula msonkho pa ndalama za penshoni za munthu yemwe si wokhala m'sitetimo. Limakhudza 401(k), 403(b), 457 ya ogwira ntchito m'boma ndi ma IRA. Ndiye mukachokadi, siteti yakale ilibe gawo pa conversion yanu. Mawu akuti mukachokadi amenewo ndi omwe tikhalepo nthawi yaitali pa nambala 4.

2. Ikani masiteti awiriwo pambali pambali, muone komwe mphepo ikulowera.

Masiteti omwe sadula msonkho pa malipiro alipo 9: Alaska, Florida, Nevada, New Hampshire, South Dakota, Tennessee, Texas, Washington ndi Wyoming. Ngati mukupita ku imodzi mwa izi, dikirani mufike. Ngati mukuchokako kupita ku siteti yodula, konvetani musananyamuke, ndipo ili ndi gulu lomwe limaiwala kwambiri, munthu wakhala ku Dallas zaka 8 osakonveta olo dola imodzi, wapeza ntchito ku Baltimore, akadzakumbukira ali kale m'kati.

Kuti muone kukula kwake, titenge $60,000. Ku Maryland anthu ambiri a malipiro apakati ali pa 4.75 peresenti, kuonjezapo wa kaunti, monga Montgomery County 3.2 peresenti, zonse pamodzi pafupifupi 8, ndiye ndi cha m'ma $4,800. Ku California munthu wosakwatira amene ndalama zake zoyenera kudulidwa msonkho zapitirira pang'ono $70,000 ali kale pa 9.3 peresenti, imeneyo ndi $5,580. Ku Indiana, kwa abale athu ambirimbiri a ku South Bend aja, siteti inali pa 3 peresenti mu 2025 ndipo St. Joseph County imaonjeza 1.75, ndiye ndi $2,850. Ku Texas ziro. Maperesenti amenewa amasinthasintha, Indiana yokha yakhala ikutsitsa pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndiye tsegulani webusaiti ya ofesi ya msonkho ya sitetiyo muone za chaka chanu.

Koma musangoona peresenti basi, masiteti ena ali ndi timakhalidwe tawo. Illinois imadula 4.95 peresenti pa malipiro koma ndalama za penshoni siikhudza, conversion yomwe, ndiye munthu wa ku Chicago alibe chifukwa chodikirira kusamuka. Pennsylvania siidula conversion bola ndalama yonse yafika ku Roth osatsalira panjira. Iowa kuyambira 2023 siidula kwa azaka 55 kupita m'mwamba. New York imakhululukira $20,000 yoyamba pa chaka ngati mwakwana zaka 59 ndi theka. New Jersey ndi Massachusetts salola kuchotsera msonkho pa ndalama zomwe mumaika mu traditional IRA, kutanthauza kuti gawo lina munalipira kale kwa iwo ndipo simuyenera kulipiranso kachiwiri, koma ndi inu woti musonyeze mapepala, iwo sakukumbutsani. Kachinthu kena ka ku Indiana: msonkho wa kaunti amaonera komwe munkakhala kapena kugwira ntchito pa 1 Januwale, ndiye amene wangolowa mu Indiana mwezi wa Malichi kuchokera siteti ina, chaka choyambacho wa kaunti sumugwira.

Ndinenenso ichi poti ena mutu umazungulira mukamva ziro. Musasamuke chifukwa cha conversion. Walira mvula walira matope, Texas ilibe msonkho wa malipiro koma msonkho wa nyumba ukakupwetekani mpaka mudzafuna kubwerera. Zimene ndikulemba pano ndi za munthu amene akusamuka kale pa zifukwa zake.

3. Fufuzani ngati ndalamayo ingasunthe n'komwe.

IRA mutha kukonveta tsiku lililonse. 401(k) kapena 403(b) ya ntchito yomwe mudakali pa iyo, kawirikawiri simungaitulutse musanakwane zaka 59 ndi theka, pokhapokha pulani yanu ili ndi Roth m'kati mwake ndipo imalola kukonveta momwemo. Mukasiya ntchito ndi pomwe chitseko chimatseguka. Izi zimavuta amene akuchoka ku siteti yopanda msonkho, chifukwa ntchito mwasiya Lachisanu, lole ya katundu ikunyamuka Lolemba, ndipo kampani yosunga ndalamayo imatha masabata isanalandire uthenga kuchokera kwa abwana anu kuti mwasiyadi. Ngati ndi inu ameneyo, siyani mpata pakati pa kusiya ntchito ndi kunyamuka, kapena konvetani IRA yomwe muli nayo kale pambali.

4. Chokanidi. Apa ndi pomwe pagona nkhani.

Malangizo ambiri amangoti mukasamuka konvetani, ngati kuti kusamuka ndi tsiku lomwe ndege yatera. Aofesi ya msonkho saona choncho. Iwo ali ndi njira ziwiri zokugwirirani, ndipo imodzi yokha ndi yokwanira.

Yoyamba amaitcha domicile. Ife a ku Malawi sitivutika kuimvetsa, munthu amagwira ntchito ku Limbe zaka 25, nyumba ya lendi ku Ndirande, ana onse anabadwira ku chipatala cha Queens, koma mukamufunsa kwanu n'kuti akuti ku Ntcheu, mfumu yakutiyakuti. Domicile ndi kwanu kumeneko, malo amodzi okha omwe mukachoka mumayembekezera kubwererako. Munthu sakhala ndi awiri, ndipo yakale siitha mpaka yatsopano itakhazikika. Kusiyana kwake ndi kwakuti kuno sakufunsani pakamwa, amayang'ana zochita zanu, ndipo amene akunena kuti ndinasintha ndi amene ayenera kupereka umboni. Amaona nyumba, yakale munagulitsa kapena kubweza makiyi? Amaona komwe kuli akazi anu kapena amuna anu ndi komwe ana akupita kusukulu. Amaona komwe mukugwira ntchito, komwe mumagona masiku ambiri, dokotala wanu, tchalitchi chanu, mpaka komwe kuli zinthu zomwe mumazikonda, ma album a zithunzi, galu ngati muli naye. A ku New York amadziwika ndi kufufuza kotere, amaitanitsa mabilu a foni ndi ma statement a khadi kuti aone munkagula mafuta a galimoto kuti.

Yachiwiri ndi kuwerenga masiku. Ku New York, ngati muli ndi nyumba yoti mutha kugonamo chaka chonse ndipo mwapezeka m'sitetimo masiku opitirira 183, ndinu wokhalamo basi, olo laisensi yanu ikhale ya Florida, ndipo kachidutswa ka tsiku amakawerenga ngati tsiku lathunthu, kungolowa masana kudzadya nsima kwa achemwali anu ku Bronx lawerengedwa. Maryland ili ndi lamulo lofanana nalo, nyumba kopitirira miyezi 6 ndi masiku 183. California imati mukakhalamo kopitirira miyezi 9 m'chaka, amayamba ndi kuganiza kuti ndinu wawo.

Tsono taonani momwe anthu athu timasamukira. Bambo atsogola ku Houston kukayamba ntchito mu Juni, akugona pa sofa kwa mnzawo wa ku sekondale, mayi ndi ana atsala ku Silver Spring kuti ana amalize sukulu ndiponso lizi ya nyumba ikutha Disembala, bambo akubwera masabata awiri aliwonse. Mu Ogasiti bambo aja akonveta $80,000, akuti ndili ku Texas. Ayi achimwene, muli ku Maryland, ku Texas mukungogwirako ntchito. Banja, nyumba, katundu, galimoto ya mayi, zonse zikuloza ku Maryland, ndipo tsiku lomwe mungaliteteze pamaso pa wofufuza ndi lomwe banja lonse lafika ndipo nyumba yakale mwaisiya. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, simungasunge phazi limodzi uku lina uko n'kumayembekeza kuti amsonkho asankha phazi lokukomerani.

Ma travel nurse, inunso mundimve. Kontrakiti ya masabata 13 ku Texas kapena ku Seattle sikusinthani kukhala wa kumeneko. Komanso mukamalandira ndalama ya nyumba ndi chakudya yosadulidwa msonkho ija, mukuuza IRS kuti kwanu ndi kwina komwe mukulipirabe nyumba, ndiye simungatembenuke n'kuuza siteti yomweyo kuti ndinachokako.

Ndiye mukafika kwatsopano chitani izi msanga, m'masabata oyambirira, ndipo chilichonse chikhale ndi deti. Lizi kapena mapepala ogulira nyumba m'dzina lanu, osati kungokhala kwa m'bale popanda pepala lililonse. Magetsi, madzi, intaneti m'dzina lanu. Laisensi yoyendetsera galimoto, ku Texas amapereka masiku 90 koma kulembetsa galimoto ndi masiku 30, ku Florida laisensi ndi masiku 30, inu musadikire malire, pitani sabata yoyamba. Inshuwalansi ya galimoto isinthe adiresi. Kuntchito auzeni a payroll asiye kudula msonkho wa siteti yakale. Banki, positi ofesi, IRS pa Form 8822. Ku Florida kuli pepala lotchedwa Declaration of Domicile lomwe mumakalembetsa kwa kalaliki wa khoti la kaunti, ndi lotchipa, tengani. Ngati munali ndi nyumba yanu ku siteti yakale ndipo munkalandira kuchotsera kwa msonkho wa nyumba ngati mwini wokhalamo, kauzeni achotse, chifukwa pepala limenelo limanena kuti mumakhala momwemo. Ndipo amene simunakhale nzika za America, lamulo limati mudziwitse USCIS za adiresi yatsopano pasanathe masiku 10, pa fomu AR-11 kapena pa akaunti yanu ya pa intaneti. Ambiri timanyozera, koma ndi lamulo, komanso ndi umboni wabwino zedi wa deti yomwe munasamuka.

Chenjezo lalikulu, ndipo ili ndikulinena mokuwa. Malangizo onse achizungu omwe mungawerenge pa nkhani ya domicile amati lembetsani kuvota ku siteti yatsopano. Amalembera nzika. Ngati muli ndi green card, kapena viza ya ntchito, kapena chilichonse chomwe si unzika, MUSALEMBETSE. Ku ofesi ya malaisensi amafunsa funso limenelo pa kasikirini komweko mukusaina, anthu amangodina yes yes yes kuti athane nazo, ndipo kunena kuti ndinu nzika pomwe si choncho kutha kukuonongerani pempho la unzika mpaka kukubwezetsani kumudzi. Kupulumutsa $4,000 ya msonkho n'kutaya mapepala, ayi ndithu. Maumboni enawo ndi okwanira.

5. Sankhani deti, ndipo ngati mungathe dikirani Januwale.

Tinene kuti mwachokadi bwinobwino pa 30 Juni. Mwalamulo conversion ya mu Okutobala ndi ya siteti yatsopano. Koma ine ndimauza anthu kuti ngati palibe chokuthamangitsani, dikirani Januwale wa chaka chotsatira, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri.

Choyamba, chaka chosamukacho mumafaila ngati wokhala gawo la chaka ku siteti yakale, ndipo fomu imeneyo imaonetsa ndalama zonse za pa fomu ya fedulo. Munthu wa mu ofesi akuona $100,000 ya conversion yomwe mwaiika mu kholamu ya kunja kwa siteti, patangopita masabata ochepa chichokereni, mukuganiza sangafune kufunsa? Mukakonveta chaka chomwe simunakhaleko olo tsiku limodzi, palibenso fomu yoti muwatumizire, pokhapokha muli ndi ndalama zina zochokera komweko monga lendi ya nyumba.

Chachiwiri ndi chomwe pafupifupi aliyense sachidziwa. California ndi New York, ndi masiteti ena omwe peresenti imakwera malinga ndi ndalama, amawerengera kaye msonkho ngati kuti munakhalako chaka chonse ndi ndalama zanu zonse za kulikonse, apeze peresenti yanu, kenako peresenti imeneyo aiike pa gawo lawo lokha. Ndiye conversion saidula inde, koma imakweza peresenti pa malipiro omwe munalandira mudakali kwawo. Mwachitsanzo munthu wosakwatira walandira $50,000 ku Sacramento Januwale mpaka Juni, kenako $40,000 ku Texas. Popanda conversion California imuwerengera pa $90,000, peresenti yake ikhala 5 ndi kakanthu. Akakonveta $100,000 mu Okutobala amuwerengera pa $190,000, peresenti ipitirira 7, ndipo kusiyana kumeneko pa $50,000 ija ndi cha m'ma $1,000 yomwe akanaisunga pongodikira miyezi itatu. Ku masiteti a peresenti imodzi kwa aliyense monga Indiana kapena Michigan vuto ili ndi laling'ono.

Nthawi yomwe kudikira Januwale sikuthandiza ndi pomwe chaka chosamukacho malipiro anu atsika kwambiri, mwina munakhala miyezi inayi osagwira ntchito, ndiye ku fedulo muli pa 12 peresenti pomwe chaka chamawa mudzabwerera pa 22. Pamenepo phindu la ku fedulo likhoza kuposa zonsezi, konvetani chaka chomwecho koma kumapeto, Novembala kapena kumayambiriro a Disembala, mapepala onse a nambala 4 ali m'manja. Malire a conversion ndi 31 Disembala, osati 15 Epulo ngati kuika ndalama mu IRA, ndipo musadikire sabata ya Khirisimasi poti makampani amadzazidwa.

Kwa amene mukupita kodula, zonse zitembenuzeni. Konvetani mudakali ndi nyumba, ntchito ndi laisensi ya siteti yakale, musanasaine lizi yatsopano ngati n'kotheka, ndipo chaka chisanafike chosamukiracho ndiye bwino koposa.

Kumbukiraninso kuti deti yowerengedwa ndi yomwe ndalama yatuluka ku traditional. Wina anaganiza zochenjera, analandira cheke adakali ku siteti yakale n'kukachiika ku Roth atafika kwatsopano m'kati mwa masiku 60 omwe lamulo limalola kuti ndalama yotuluka ifike ku Roth. Sizithandiza, ndalama inatuluka ali kwakale. Ndipo kuyambira 2018 conversion siibwezedwa, kale kunali njira yoifafanizira koma lamulo la msonkho la 2017 linaitseka, mukadina mwadina.

6. Sinthani adiresi ku kampani yosunga ndalama, kenako kanani kuti akudulirenitu.

Kaya ndalama zanu zili ku Fidelity, Vanguard, Schwab kapena kwina, kompyuta yawo imadziwa chinthu chimodzi, adiresi yomwe ili pa akaunti tsiku limenelo. Imeneyo ndi yomwe idzalembedwe pa 1099-R, pepala lomwe kampaniyo imatumiza losonyeza ndalama yomwe yatuluka mu akaunti, ndipo masiteti ena amalamula kuti msonkho wawo udulidwiretu. Sinthani adiresi pa akaunti zonse, ya traditional ndi ya Roth, adiresi yokhalako osati yolandirira makalata yokha, dikirani sabata kapena awiri poti ena amatseka akaunti kwa masiku angapo adiresi ikasintha, kenako lowaninso muone ndi maso anu kuti yasinthadi.

Ndikuuzeni za mayi wina wa kutchalitchi kwathu, nesi, zaka 47. Anasamuka bwinobwino banja lonse, anadikira mpaka Febuluwale wa chaka chinacho monga ndinawauzira, koma adiresi ya 403(b) yakale inali ya apongozi awo ku siteti yakale chifukwa makalata ankafikira kumeneko kuyambira kalekale. Pa foni anawafunsa ngati akufuna kudulidwiratu msonkho, iwo anati eya, poganiza kuti ndi kusamala. Pa $50,000 ku Roth kunafika cha m'ma $41,000. Anandibweretsera 1099-R chaka chinacho, itapindidwa kanayi m'chikwama cha ku ntchito pamodzi ndi marisiti a mafuta, ndipo mu bokosi 15 munali siteti yomwe anachokako miyezi 8 conversion isanachitike. Tinafaila fomu ya osakhalamo kuti siteti ija ibweze ndalama, inabweza patapita miyezi yambiri ndi makalata awiri ofuna umboni. Koma chopweteka chinali china. Ndalama yodulidwa ija, poti sinafike ku Roth, imawerengedwa ngati anatapa asanakwane zaka 59 ndi theka, ndiye panabwera chindapusa cha 10 peresenti, cha m'ma $900, chomwe sichibwerera. Akanadziwa msanga akanatenga ndalama ya m'thumba yofanana ndi yodulidwayo n'kuiika ku Roth m'kati mwa masiku 60, zikanatha bwino. Ku California chindapusa chotere amaonjezapo 2.5 peresenti yawo.

Ndiye pa fomu W-4R kapena pa sikirini, sankhani ziro ku fedulo ndi ziro ku siteti, apo ayi pa IRA amadula okha 10 peresenti osakufunsaninso. Ngati ndi 401(k), nenani kuti mukufuna direct rollover kupita ku Roth IRA, cheke chisalembedwe m'dzina lanu, chifukwa chikalembedwa m'dzina lanu amadula 20 peresenti mokakamiza. Msonkho mulipire ndi ndalama ya ku akaunti ya kubanki. Ngati mulibe ndalama yapadera yolipirira, konvetani zochepa, palibe lamulo loti zonse zipite kamodzi, mutha kugawa zaka zitatu kapena zisanu.

7. Lipirani msonkho wa fedulo osadikira Epulo.

Poti mwakana kudulidwiratu, IRS ikufuna ndalama yake m'kati mwa chaka. Madeti ake ndi 15 Epulo, 15 Juni, 15 Sepitembala ndi 15 Januwale. Simulipira chindapusa ngati zomwe zadulidwa kale pa malipiro anu zikufika msonkho wonse wa chaka chatha, kapena 110 peresenti yake ngati chaka chatha munapitirira $150,000. Njira yosavuta kwa ogwira ntchito ndi kukweza zodula pa W-4 kwa miyezi yotsalayo. Ngati siteti yanu ikudula conversion, nayonso ili ndi madeti ake otere. Ndipo amene mumagula inshuwalansi ya zaumoyo pa Marketplace, conversion imakweza ndalama zanu za chaka ndipo thandizo la boma lochepetsera mtengo wa inshuwalansiyo mungauzidwe kubweza, akuluakulu a pa Medicare nawo imawakwezera malipiro patapita zaka ziwiri. Izi sizikhudza siteti koma ndaona zikulumitsa anthu mano.

8. Pofaila, gawani ndalama ndi dzanja lanu, musasiyire pulogalamu.

Mu Januwale mulandira 1099-R. Ya IRA bokosi 7 likhala ndi 2 ngati simunakwane 59 ndi theka kapena 7 ngati munakwana, ya 401(k) yopita molunjika likhala ndi G. Onani mabokosi 14 mpaka 16, za siteti zili pamenepo. Conversion ya IRA imalembedwa pa Form 8606. Chaka chosamuka failani fomu ya gawo la chaka: California 540NR, New York IT-203, Virginia 760PY, Indiana IT-40PNR, Massachusetts 1-NR/PY, Maryland ndi 502 yomweyo koma mumasonyeza madeti omwe munakhalamo. Mapulogalamu ofailira amafunsa kuti mwa ndalama iyi ndi zingati zomwe munalandira muli m'siteti ino, ndipo mukadumpha funsolo amaika yonse. Ngati conversion inachitika mutachoka, lembani ziro. Ngakhale 1099-R italemba siteti yolakwika, chomwe chimalamula ndi komwe munkakhaladi, koma yembekezerani kalata.

Musaleke kufaila fomu yomaliza ku siteti yakale poganiza kuti mukangokhala chete akuiwalani. Fomu imeneyo ndi yomwe imawauza deti yomwe munachoka, ndipo ndi yomwe imayambitsa wotchi, ku California ali ndi zaka 4 zoti akufunseni kuchokera pomwe mwafaila, osafaila wotchiyo siyamba n'komwe. Sungani foda imodzi: lizi yakale ndi kalata yobwezera makiyi, lizi yatsopano, risiti ya lole, laisensi, AR-11, bilu yoyamba ya magetsi, ndi pepala losonyeza deti ya conversion.

Pomaliza amene mukuti ine sindikupita ku siteti ina, ndikubwerera kumudzi ndikakonvetere ku Lilongwe. Kupita kukamanga ku Area 49 miyezi 7 nyumba yanu ya ku Virginia ili chikhalire, laisensi ndi banja zili komweko, simunachoke, Virginia idula ndithu. Ngati mwachokeratu ndipo ndinu nzika ya America kapena mudakali ndi green card, siteti itha kukusiyani koma fedulo imakutsatirani mpaka ku Chitipa. Ngati mapepala a kuno munabweza, malamulo ake ndi ena, kampani imadula 30 peresenti pa ndalama yotuluka ndipo Malawi ndi America alibe pangano la misonkho loti lichepetseko, komanso makampani ena amachepetsa zomwe mungachite pa akaunti adiresi ikakhala ya kunja. Pa imeneyo, komanso ngati mukukonveta ndalama yopitirira $100,000 kapena mnzanu wapabanja watsalira ku siteti yakale, lipirani katswiri wa misonkho wovomerezeka, CPA kapena enrolled agent, wodziwa siteti yomwe mukuchokayo, ola limodzi basi, mupite ndi foda ija, ndipo mupite musanakonvete.